Ali mu ligi imodzi koma sanalembe mayeso amodzi: kulimba kwa mndandanda wa masewero mu mpira wa m'makoleji ku America

Kumapeto kwa Novembala 2025, anthu ambiri otsatira mpira wa m'makoleji ku America anagwira pakamwa. Timu ya yunivesite ya Miami inali itapambana masewero 10 n'kugonja awiri okha. Timu ya Duke inapambana 7, n'kugonja 5. Matimu onsewa ali mu ligi imodzi, yotchedwa ACC. Koma itakwana nthawi yoti matimu awiri akalimbirane ukatswiri wa ligiyo mumzinda wa Charlotte, amene anapita kukakumana ndi Virginia anali a Duke, a Miami n'kutsala pakhomo. Panalibe chinyengo. Lamulo lolembedwa kale ndi limene linagwira ntchito, ndipo lamulolo silinayang'ane kuti wapambana kangati chaka chonse. Linayang'ana kuti amene unasewera nawo mu ligi anali ndani.

Aamerika nkhaniyi amaitcha strength of schedule, mwachidule SOS. Ife tingoti kulimba kwa mndandanda wa masewero: kodi matimu amene wakumana nawo anali zimphona, kapena anali ofewa? Funsoli limaoneka losavuta. Koma ukayamba kulisenda, umapeza kuti m'kati mwake muli mafunso angapo osiyana, ndipo anthu amene amakangana pa TV ndi pa intaneti nthawi zambiri aliyense amakhala akuyankha funso lake.

Mpira wake ndi uti, ndipo ligi yake ndi yotani

Uwu si mpira wamiyendo umene tinazolowera. Ndi uja wa zisoti ndi zotchinga m'mapewa, wa mpira wosongoka mbali zonse, umene osewera amaunyamula ndi kuponyerana ndi manja. Amene amasewera ndi ophunzira a m'mayunivesite, koma mawu oti "ophunzira" asakunamizeni: mabwalo a Michigan, Penn State, Ohio State, Texas A&M ndi ena ochepa amalowa anthu oposa 100,000, ndipo makampani a TV amalipira madola mabiliyoni kuti aonetse masewerowa.

Gawo lapamwamba limatchedwa FBS, ndipo mu 2025 munali matimu 136. Kupatula mafainolo ndi masewero apadera a kumapeto kwa chaka, timu iliyonse imasewera masewero 12 okha, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumapeto kwa Novembala, kamodzi pa sabata, chifukwa mpirawu ndi wophwanya thupi moti sungaseweredwe kawiri kapena katatu pa sabata. Apa ndiye pali gwero la vuto lonse. Matimu 136, masewero 12. Timu iliyonse imatha chaka isanaonane maso ndi maso ndi matimu oposa 120.

Matimuwa anagawikana m'magulu otchedwa conference, amene m'nkhani ino tiziwatcha ligi. Ligi zikuluzikulu ndi zinayi: SEC, Big Ten, Big 12 ndi ACC. Mayinawa musawakhulupirire pa masamu, chifukwa Big Ten ili ndi matimu 18 ndipo Big 12 ili ndi 16. Pa masewero 12 aja, 8 kapena 9 amakhala a mu ligi, ndipo amakonza ndi a ofesi ya ligi. Otsalawo, atatu kapena anayi, yunivesite imadzipezera yokha timu yosewera nayo.

Chifukwa chake tebulo la ligi silinena zonse

Mu ligi yaikulu ya kuno kwathu, Bullets ndi Wanderers amasewera ndi matimu omwewo, aliyense pakwawo ndi koyenda. Ku England n'chimodzimodzi: matimu 20, masewero 38, palibe wothawa mnzake. Ndiye tebulo likatuluka kumapeto, palibe angadandaule kuti mnzake anapatsidwa njira yosalala. Onse analemba pepala limodzi la mayeso.

Ku SEC kuli matimu 16. Timu iliyonse ili ndi anzake 15, koma mu 2024 ndi 2025 inkasewera ndi 8 okha, kusiya 7. Ku Big Ten timu ili ndi anzake 17, imasewera ndi 9, kusiya 8. Tangoganizani kalasi imodzi ya ana 18, aliyense kumupatsa pepala lake la mafunso, ena ovuta ena ofewa, kenako n'kuika malikisi onse pa bolodi limodzi n'kunena kuti uyu ndiye nambala wani. Otsatira mpira wa ku Ulaya aziona zofananako kuyambira mu 2024, pamene Champions League inayamba kuika matimu 36 pa tebulo limodzi koma iliyonse n'kusewera ndi 8 okha. Kusiyana kwake n'koti UEFA imagawa matimu m'miphika inayi molingana ndi mphamvu zawo, ndipo aliyense amapatsidwa awiri a mumphika uliwonse. Ku America kulibe miphika yotere. Ofesi ya ligi imayang'ana udani wakale umene sungasiyidwe, monga wa Alabama ndi Auburn kapena Michigan ndi Ohio State, imayang'ana kutalika kwa maulendo, zofuna za TV, ndi kasinthasintha wa zaka.

Kale sizinali zosokonekera chonchi. Kuyambira 1992 mpaka 2023, SEC inali yogawidwa pawiri, kum'mawa ndi kumadzulo. Timu inkasewera ndi anzake onse a mbali yake, ndipo opambana mbali ziwirizo ankakumana mu fainolo. Madandaulo analipo, makamaka zaka zimene mbali imodzi inali yolimba kuposa inzake, komabe amene unkalimbirana nawo malo anali oti wakumana nawo pabwalo. Big 12, kuyambira 2011 mpaka 2022, inali ndi matimu 10 ndi masewero 9, aliyense kukumana ndi aliyense.

Zonse zinasintha mu 2024. Texas ndi Oklahoma analowa SEC. USC, UCLA, Oregon ndi Washington anachoka kugombe la kumadzulo n'kulowa Big Ten. Stanford, California ndi SMU analowa ACC. Chimene chinawakoka ndi ndalama za TV. Ligi zinatupa, magawo aja anathetsedwa, koma masewero anakhala omwe aja, 12.

Georgia ndi Texas, 2024: tiyang'ane pafupi

Chaka choyamba cha Texas mu SEC, timuyi inamaliza pamwamba pa tebulo, itapambana masewero 7 a mu ligi n'kugonja kamodzi. Georgia inapambana 6 n'kugonja kawiri. Pa tebulo, Texas inali patsogolo. Tsopano onani njira zimene anadutsa.

Texas inasewera ndi Mississippi State, Oklahoma, Georgia, Vanderbilt, Florida, Arkansas, Kentucky ndi Texas A&M. Sinakumane ndi Alabama, Tennessee, Ole Miss, LSU, South Carolina kapena Missouri, matimu amene onse anamaliza chaka chimenecho atapambana ochuluka kuposa amene anagonja mu ligi. Georgia inapita ku Alabama, kumene inagonja 41-34. Inapita ku Austin, kwawo kwa Texas, n'kupambana 30-15. Inapita ku Ole Miss n'kugonja 28-10. Inalandira Tennessee pakwawo n'kupambana. Masewero anayi olimba, atatu mwa iwo koyenda.

Wochemerera Georgia anganene kuti: ife tinagonja kawiri chifukwa tinakwera phiri, anzathuwa anadutsa m'dambo. Wochemerera Texas angayankhe kuti: mndandanda sitinalembe ndife, tinasewera ndi amene anatipatsa, komanso tinapita ku Michigan, kwa akatswiri a dziko lonse a chaka chapitacho, n'kukapambana 31-12. Onse akunena zoona. Pa nkhani ya awiriwa mwayi unalipo woti anakumananso mu fainolo ya SEC ku Atlanta, Georgia n'kupambana 22-19 m'nthawi yowonjezera. Koma kawirikawiri mwayi woterewu sukhalapo.

Ku Big Ten chaka chomwecho kunali Indiana, timu imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi kugonja. Pansi pa mphunzitsi watsopano, Curt Cignetti, inapambana 11 n'kugonja kamodzi. Koma sinasewere ndi Oregon kapena Penn State, ndipo itakumana ndi Ohio State inathambitsidwa 38-15. Ohio State inasewera ndi onse awiriwo: inagonja ku Oregon ndi pointi imodzi, 32-31, n'kupambana ku Penn State 20-13. Pa tebulo la ligi Indiana inamaliza pamwamba pa Ohio State. Mu Januwale, amene ananyamula chikho cha dziko lonse ndi Ohio State. Komabe a Indiana ali ndi poyankhira: Michigan, imene inagonjetsa Ohio State 13-10 pakwawo pa Ohio State pomwe, iwo anaigonjetsa 20-15.

Mmene anayambira kuwerengera

Kwa zaka zambiri katswiri wa dziko lonse ankasankhidwa ndi mavoti. Atolankhani a Associated Press anayamba kuvota mu 1936, aphunzitsi a matimu anayamba mu 1950, ndipo zaka zina, monga 1990, 1991 ndi 1997, magulu awiriwa anasankha akatswiri osiyana. Kulimba kwa mndandanda kunali m'mutu mwa wovota basi. Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya 1984, pamene Brigham Young inapambana masewero onse 13 n'kupatsidwa ukatswiri, ngakhale kuti masewero ake omaliza anali ndi Michigan imene inamaliza chakacho itapambana 6 n'kugonja 6.

Mu 1998 kunabwera dongosolo lotchedwa BCS, lofuna kuti matimu awiri apamwamba azikumana mu fainolo imodzi. Apa m'pamene kulimba kwa mndandanda kunasanduka nambala. Masamu ake anali otere. Tengani matimu onse amene timu yasewera nawo, muone kuti onse pamodzi apambana kangati ndi kugonja kangati. Zimenezo zikhale magawo awiri mwa atatu. Kenako tengani matimu amene adani anuwo anasewera nawo, muonenso zomwezo. Likhale gawo limodzi lotsalalo. Gawo lachiwirili n'lofunika chifukwa timu ikhoza kupambana masewero ambiri pongomenya ofooka. Matimu onse ankawandandalika kuyambira wa mndandanda wolimba kwambiri, ndipo nambala ya malo ako ankaigawa ndi 25. Popeza kugonja kulikonse kunkawonjezera pointi imodzi yoipa, ndiye kuti kusiyana malo 25 pa kulimba kwa mndandanda kunali kofanana ndi kugonja kamodzi.

Dongosololi linakumana ndi zokhoma mu 2003. USC, ya ku Los Angeles, inali nambala wani pa mavoti a atolankhani ndi a aphunzitsi omwe. Oklahoma inali itangomenyedwa kumene 35-7 ndi Kansas State. Koma masamu anaika Oklahoma ndi LSU mu fainolo, USC n'kutsala. Chimene chinapweteka USC ndi masewero amene iyo sinalimo n'komwe: Loweruka lomaliza, Notre Dame inagonja kwa Syracuse ndipo Hawaii inagonja kwa Boise State. Onse awiriwa anali pa mndandanda wa USC, ndiye kugonja kwawo kunafewetsa mndandandawo pa pepala. Tangoganizani anthu a ku Los Angeles atakhala maso usiku kudikira zotsatira za masewero a pachilumba cha Hawaii, kuti adziwe ngati timu yawo ipite ku fainolo. LSU inatenga chikho cha BCS, atolankhani anapatsa USC, ndipo chaka chotsatira nambala ya kulimba kwa mndandanda inachotsedwa ngati gawo loima palokha. Chaka chimenecho, 2004, Auburn inapambana masewero onse koma sinalowe fainolo, ndipo anthu ankaloza masewero ake akunja kwa ligi ndi Louisiana-Monroe, The Citadel ndi Louisiana Tech.

Kuyambira 2014 pali College Football Playoff, ndime ya chipulula imene poyamba inali ya matimu anayi, ndipo kuyambira 2024 ndi ya matimu 12. Amene amasankha ndi komiti ya anthu 13, ambiri mwa iwo akuluakulu a zamasewero m'mayunivesite ndi aphunzitsi opuma, imene imakumana ku Grapevine pafupi ndi Dallas. Malamulo awo amatchula kulimba kwa mndandanda, zotsatira za masewero a matimu awiriwo akakhala kuti anakumana, mmene anachitira ndi adani ofanana, komanso kuvulala kwa osewera ofunika. Koma malamulowo sanena kuti chilichonse chimalemera bwanji. Tinachoka pa masamu amene aliyense akanatha kuwerengera yekha koma n'kutulutsa zodabwitsa, n'kufika pa anthu amene amaganiza mozama koma atatseka chitseko.

Nambala imodzi, mafunso osiyana

Mukatsegula masamba atatu a pa intaneti n'kufunsa kuti mndandanda wa timu yakutiyakuti ndi wa nambala chani, mupeza mayankho atatu. Si kuti wina walakwitsa masamu. Akuyeza zinthu zosiyana.

Choyamba, mphamvu za mdani amaziyeza bwanji? Njira yakale ija imangowerenga kupambana ndi kugonja. Njira zina, monga FPI ya kanema wa zamasewero wa ESPN, SP+ ya Bill Connelly ndi masamu a Jeff Sagarin, zimayang'ananso kuti timu inapambana motani, ndipo zimatha kunena kuti timu imene yagonja kanayi ndi yoopsa kuposa ina imene yagonja kamodzi. Pali vuto lina lobisika apa: m'kati mwa ligi imodzi, kupambana ndi kugonja kumathera pakati n'pakati, popeza aliyense akapambana ndiye kuti mnzake wa mu ligi momwemo wagonja. Komanso timu yamphamvu imadzifewetsera yokha mndandanda, chifukwa aliyense amene yamumenya yamuwonjezera kugonja, ndipo siingasewere ndi iyo yomwe. Timu yotsika pa tebulo nthawi zambiri imaoneka ngati inali ndi mndandanda wolimba pa chifukwa chomwechi.

Chachiwiri ndi chimene ambiri sachiona, ndipo ine ndimaona kuti ndiye mtima wa nkhaniyi. Tiyerekeze matimu awiri, aliyense wasewera masewero awiri. Woyamba wasewera ndi timu yamphamvu kuposa onse ndi timu yofooka kuposa onse. Wachiwiri wasewera ndi matimu awiri apakatikati. Mukaphatikiza n'kugawa pawiri, mindandanda iwiriyi ndi yofanana. Koma funsani timu imene ikufuna chikho: iyo ingakonde apakatikati awiri aja, chifukwa ikhoza kuwamenya onse, pamene chimphona chija chikhoza kuigwetsa. Funsani timu yofooka: iyo ingakonde mndandanda woyamba, chifukwa muli masewero amodzi amene ingapambane, pamene apakatikati awiri akhoza kuimenya onse. Mndandanda womwewo ndi wolimba kwa wina, wofewa kwa wina. Ndiye munthu akanena kuti mndandanda uwu ndi wolimba, muyenera kumufunsa kuti: wolimba kwa ndani?

N'chifukwa chake kunabadwa muyeso wina umene ESPN imautcha strength of record. Uwu sufunsa kuti adani ako anali amphamvu bwanji. Umafunsa kuti: timu yabwino ya pakati pa 25 apamwamba, itapatsidwa mndandanda womwewu, mwayi wake wopambana masewero ochuluka ngati amene iwe wapambana ndi wotani? Ngati mwayiwo ndi wochepa, ndiye kuti wachita chinthu chachikulu. Muyesowu umaphatikiza njira ndi zotsatira, pamene SOS payokha ikhoza kutamanda timu imene yakumana ndi zimphona zonse n'kugonja kwa zonsezo. Mu Ogasiti 2025 a College Football Playoff analengeza kuti komiti iziona muyeso wofananako, umene anautcha record strength: kupambana timu yamphamvu kumalemera kwambiri, kugonja kwa timu yamphamvu sikulanga kwambiri, kumenya ofooka sikuwonjezera zambiri, koma kugonja kwa ofooka kumapweteka.

Chachitatu ndi nthawi. Mu Ogasiti 2024 Florida State inayamba chaka ili nambala 10 pa mavoti a atolankhani. Georgia Tech itaigonjetsa 24-21 ku Dublin, zinaoneka ngati yagwetsa njovu. Florida State inamaliza chakacho itapambana masewero awiri okha n'kugonja 10. Ndiye Georgia Tech inamenya timu ya nambala 10 kapena timu yogonja ka 10? Makompyuta ambiri amatenga za kumapeto kwa chaka. Koma pali nthawi zina pamene timu inalidi yamphamvu mu Sepitembala n'kudzafooka osewera ake atavulala, ndipo amene anakumana nayo idakali yamphumphu amalandidwa ulemu wake. Onjezanipo za bwalo: akatswiri a masamu amati kusewera pakwanu kumathandiza ndi mapointi awiri kapena atatu, koma njira yakale yowerenga kupambana ndi kugonja siisiyanitsa kulandira Alabama pakwanu ndi kupita ku Tuscaloosa.

Masewero amene umadzisankhira wekha

Ngakhale matimu awiri atakhala ndi mndandanda wofanana mu ligi, masewero akunja aja amawasiyanitsa. Chitsanzo choyera ndi cha 2014. Baylor ndi TCU, onse a Big 12, anasewera ndi matimu omwewo mu ligi ndipo onse anamaliza atapambana 11 n'kugonja kamodzi. Atakumana okhaokha, Baylor inapambana 61-58. Koma Baylor inagonja ku West Virginia, kumene TCU inakapambana. Kunja kwa ligi, Baylor inasewera ndi SMU, Northwestern State ndi Buffalo, pamene TCU inasewera ndi Samford, SMU ndi Minnesota ya ku Big Ten, imene inali yabwino chaka chimenecho. Kwa masabata angapo komiti inaika TCU pamwamba pa Baylor, ngakhale TCU inagonja kwa Baylor. Sabata yomaliza TCU inali nambala 3, inamenya Iowa State 55-3, n'kudzuka mawa lake ili nambala 6, Baylor ili nambala 5, ndipo Ohio State, imene inali itangoswa Wisconsin 59-0, n'kutenga malo achinayi. Onse awiri anatsala.

Masewero ambiri akunjawa ndi ogula. Yunivesite yaikulu imalipira yaing'ono kuti ibwere kudzasewera, popanda kubwezera ulendo. Yaikulu imapeza ndalama za pachipata ndi kupambana kosavuta, yaing'ono imapeza ndalama zoyendetsera masewero ake chaka chonse. Nthawi zina mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: mu 2007 Appalachian State inagonjetsa Michigan 34-32, ndipo mu 2024 Northern Illinois inalandira madola 1.4 miliyoni kuchokera ku Notre Dame n'kuimenya 16-14 pakwawo pomwe.

Apa m'pamenenso panali mkangano wa zaka zambiri pakati pa SEC ndi Big Ten. Big Ten imasewera masewero 9 a mu ligi kuyambira 2016, SEC inkasewera 8. Masamu ake ndi osavuta: ligi ya matimu 16 ikamasewera 8 aliyense, pamakhala masewero 64, ikamasewera 9, amakhala 72. Ndiye kuti kugonja 8 kowonjezera kumene kuyenera kugwera matimu a mu ligi momwemo, m'malo mwa masewero ogula amene pafupifupi onse akanapambana. A Big Ten ankati SEC ikudzikongoletsa. A SEC ankati masewero awo 8 ndi olemera kuposa 9 a wina aliyense, n'kuloza zikho zimene ligi yawo inatenga, kuphatikizapo 7 zotsatizana kuyambira 2006 mpaka 2012. Mu Ogasiti 2025, patangopita tsiku chilengezedwere muyeso watsopano uja, SEC inavomera masewero 9 kuyambira 2026: adani atatu okhazikika chaka ndi chaka, 6 osinthasintha, kuti timu iliyonse izikumana ndi mnzake aliyense kamodzi pa zaka ziwiri.

Tibwerere kwa Duke

Tsopano nkhani ija yamveka. Kupita ku fainolo ya ligi kumatengera masewero a mu ligi okha. Duke inagonja katatu kunja kwa ligi, kwa Illinois, Tulane ndi Connecticut, koma zimenezo sizinawerengedwe. Mu ligi, pambuyo pa Virginia, matimu asanu anafanana, aliyense atapambana 6 n'kugonja 2: Duke, Miami, Georgia Tech, SMU ndi Pittsburgh. Popeza sanakumane onse okhaokha, malamulo oyamba owasiyanitsa analephera, mpaka anafika pa lamulo lofunsa kuti adani a mu ligi a timu iliyonse anapambana kangati onse pamodzi. A Duke anali ndi adani ochita bwino kuposa a anzawo. Duke inapita ku Charlotte n'kugonjetsa Virginia 27-20 m'nthawi yowonjezera, koma sinalowe mu ndime ya chipulula. Miami, imene sinafike n'komwe ku fainolo ya ligi yake, komiti inailowetsa, ndipo inafika mpaka ku fainolo ya dziko lonse, kumene inagonja 27-21 kwa Indiana yomwe ija ankainena chaka chapitacho kuti inadutsa njira yofewa.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi loti: kugonja kungati kumene mndandanda wolimba ungakhululukire? Mu 2024 komiti inatenga SMU, yopambana 11 n'kugonja 2, n'kusiya Alabama, yopambana 9 n'kugonja 3. Alabama inali itamenya Georgia, ndipo SMU inalibe kupambana kwa mtundu umenewo. Koma Alabama inagonjanso kwa Vanderbilt 40-35 ndi kwa Oklahoma 24-3, matimu amene anamaliza masewero 12 atapambana theka lokha. SMU itamenyedwa 38-10 ndi Penn State, a Alabama anati mwaona. Alabama itagonja kwa Michigan 19-13 patapita masiku ochepa, ndiponso Tennessee ya SEC itamenyedwa 42-17 ndi Ohio State, enawo anatinso mwaona. Masewero amodzi a mu Disembala satsimikiza kuti chisankho chinali cholondola kapena ayi.

Lachiwiri: ngati kugonja kumalangidwa kuposa mmene kulimba mtima kumalipiridwa, ndani adzapitiriza kusankha masewero olimba akunja? Mu 2025 Texas inayamba chaka popita ku Ohio State n'kugonja 14-7, inamaliza itapambana 9 n'kugonja 3, ndipo inatsala. Mphunzitsi wake, Steve Sarkisian, anadandaula poyera kuti akanasewera ndi timu yofewa tsiku limenelo bwenzi ali ndi kugonja kuwiri kokha. Otsutsa anamukumbutsa kuti chimene chinamupha ndi kugonja kwa Florida, imene inapambana masewero anayi okha chaka chonse.

Lachitatu likukhudza ofesi za ligi. Mndandanda amaulemba zaka zisanafike, pamene palibe akudziwa kuti ndani adzakhale wamphamvu. Amene analemba kuti timu ina idzasewere ndi Indiana mu 2024 ankaganiza kuti aipatsa mpumulo. Kodi ligi ziziyembekezera kuona zotsatira za chaka chatha kenako n'kugawa adani m'miphika ngati UEFA, kapena udani wakale ndi matikiti ogulitsidwa kale ndi zofunika kuposa kufanana? Ndipo adani atatu okhazikika a SEC nawonso sangalemere mofanana kwa onse.

Lachinayi ndi la kuonekera poyera. Komiti imatchula miyeso imene imagwiritsa ntchito koma siitulutsa masamu ake onse, ndiponso siinena kuti muyeso uliwonse unalemera bwanji pa voti. Ena akufuna kubwerera ku masamu oti aliyense awerengere yekha, ena amakumbukira usiku wa Hawaii uja.

Ndipo pali funso la kukula kwa ndime ya chipulula. Pakhala zokambirana za matimu 16, ngakhalenso 24, ndipo Big Ten yakhala ikukonda kuti ligi iliyonse izipatsidwa malo ake otsimikizika, kuti tebulo la ligi lizisankha m'malo mwa komiti. Koma tebulo limenelo ndi lomwe lija la ana 18 olemba mapepala osiyana. Ngati malo achinayi a Big Ten angamapereke tikiti ya ku chipulula, kodi amene wamaliza pachisanu atasewera ndi Ohio State, Oregon ndi Penn State adzavomera kusiyira mnzake amene sanakumane ndi aliyense mwa iwo?